Mmene tinadulira malalanje a malemu Ba Yotamu

Ana anga, Tisa, Misozi ndi Gideoni, za ubwana wanga ku Katete munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo zambiri zimene amanena ndi zoona. Sindizibwereza. Pano ndikulemba za ntchito yanga ya ulangizi wa zaulimi, makamaka nkhani imodzi yomwe inu munangoimva theka, kuchokera kwa anthu a pamsika. Mukudziwa kuti ndinapuma ntchito ndili ndi kalata yondichenjeza m'faelo langa. Chimene chinabala kalatayo simuchidziwa bwino. Bungwe lomwe linandilemba ntchito sindilitchula dzina, ngakhalenso abwana anga, poti ena akali moyo ndipo ali ndi ana. Mapepala onse ali m'sutikesi yachitsulo kuchipinda kwathu. Amene akayike mawu anga akatsegule.

1986, Chinyunyu

Ntchito ndinayambira ku Chinyunyu. Ndinatsika basi pamsewu waukulu ndili ndi sutikesi, mphasa ndi kalata yonena kuti ndikapeza nyumba ndi njinga. Nyumbayo ndinaipeza mukugona mbuzi. Njinga inalipodi, koma matayala ake anali atapita ndi mlangizi amene anachoka ine ndisanafike. Ndinalemba kalata yopempha matayala. Yankho linabwera mvula itatha, likunena kuti pempho langa alilandira ndipo akuliganizira. Zaka zimenezo chilichonse chinali chosowa: sopo, mafuta ophikira, ndipo feteleza ankafika chimanga chitamasula kale. Ndinkayenda wapansi mudzi ndi mudzi, ndikuphunzira moni wa Chisoli, chilankhulo cha kumeneko, ndi mayina a mbewu kuti alimi asandione ngati mlendo wodzawalembera msonkho. Abwana anga oyamba anali munthu wachifundo koma wamantha. Tsiku lina anandiuza kuti, "A Njovu, polemba lipoti muzilemba zimene zayenda bwino. Zoipa akuluakulu amaziona okha." Ine ndinati, "Bwana, aziona bwanji poti kuno safika?" Anaseka, koma lipoti langa analilembanso ndi dzanja lawo. Kuyambira tsiku limenelo chilichonse ndinkalemba ndi kaboni pansi, kuti kope litsale ndi ine.

1999, Mpanshya

Atandisamutsira ku Mpanshya ndinadziwana ndi Ba Yotamu. Anali Mnsenga, makolo awo anachokera ku Petauke kalekale n'kupatsidwa malo m'mbali mwa kamtsinje kosaphwa. Akazi awo, Amai Esinati, anali a ku Luangwa. Anabwera kudzakwatiwa akali mtsikana, ndipo kwawo anali asanapiteko zaka zambiri chimwalirire makolo awo. Ana awo anali aakazi okhaokha, onse okwatiwa ku Kitwe.

Alimi ambiri ankandifuna pa nthawi ya feteleza basi. Ba Yotamu ankafuna mitengo. Tinafesa nthanga za mandimu m'mapaketi a shuga, ndipo mbande zitakula ngati pensulo tinamezanitsapo maso a malalanje. Poyamba maso ambiri amene iwo anamezanitsa anauma. Ine ndikakwiya ankati, "A Njovu, mtengo sumva Chizungu, lekani kuukalipira." Chaka chachiwiri anandiposa. Mitengo itayamba kubala, Amai Esinati ankasenza malalanje kupita nawo pachipata cha chipatala cha mishoni, ena n'kumapereka kwa anyamata a njinga kuti akagulitse kumsewu. Ba Yotamu ankandiuza kuti, "Inu muli na penshoni. Penshoni ya amake Dailesi ni mitengo iyi. Ine nikapita, azadya pano." Amake Dailesi ndiwo Amai Esinati, poti Dailesi ndiye mwana wawo woyamba.

2013

Chaka chimenechi Ba Yotamu anandibweretsera nthambi yotupa pakati ngati chala chothyoka. Nditaing'amba ndi mpeni ndinapeza timphutsi toyera, kalikonse m'kachipinda kake. Ndinapita kumundako n'kupeza zotupa zotere m'mitengo yambiri. Ndinamanga nthambi zingapo m'kansalu kuti ndione chimene chituluke. Kutayamba kutentha mu Seputembala zotupazo zinabooka timabowo ngati ta singano, ndipo munatuluka timavu takuda, tating'ono kuposa nyerere. Timavuto sitiluma munthu. Timaikira mazira m'mphukira zanthete, mphukirayo n'kutupa, madzi a mtengo n'kumalephera kudutsa. Masamba amachepa, zipatso zimachepa, kenako nthambi imauma.

Ndinaika nthambi ndi timavu m'botolo la jamu, n'kutumiza ku ofesi yathu ku Lusaka pa minibasi, ndi kalata. Mpaka lero palibe amene anandiuza dzina la kachilomboka. Abwana a nthawi imeneyo nditawaimbira foni anati, "Mdala, chaka chino pulogalamu yathu ni chimanga na soya. Maolenji mulibe mu pulani." Ndinawafunsa ngati timavu tinaiwerenga pulaniyo. Anadula foni.

Komabe chochita ndinachidziwa. Mankhwala opopera safika pa mphutsi yobisala mkati mwa mtengo. Njira ndi imodzi: kudula nthambi m'munsi mwa chotupa nyengo ikali yozizira, n'kuiwotcha tsiku lomwelo. Ukaiunjika pambali kuti iume ukhale nkhuni, timavu timatulukabe. Ba Yotamu anadula pang'ono chabe, poti mitengo inali ndi maluwa ndipo mtima unawawawa. Pofika Meyi chaka chotsatira zotupa zinali paliponse, ndipo zinali zitayamba kuoneka m'mitengo ya anansi awo. Tinaima pakati pa munda iwo n'kunena kuti, "Chabwino, mwapambana. Tikathyola zipatso, mu Julayi, tidule zonse mpaka pa mphanda." Tinagwirizana pakamwa. Ine wosunga mapepala, pa chinthu chimenechi ndinalibe pepala.

Juni ndi Julayi 2014

Ba Yotamu anamwalira mu Juni atadwala chibayo sabata imodzi. Pamaliro amene anagwira ntchito yaikulu anali Ba Chanda, Mbemba wokonza njinga pamsika wa Mpanshya. Inu munakulira m'tauni, mwina chimbuya mumangochiona ngati nthabwala. Ife a kum'mawa ndi Abemba ndife ambuya: pamaliro a wina, mnzake ndiye amasambitsa mtembo, kukumba manda ndi kuseketsa olira, ndipo chilichonse chimene mbuya anene kapena kuchita pamenepo sichikhala mlandu. Ba Chanda anatipaka ufa kumaso tonse, ine ndemwe, n'kumauza bokosi kuti, "Iwe mudala wakudya mbewa, uka, wasiya njinga yako kwa ine ilibe mabuleki!" Ngakhale Amai Esinati anamwetulira m'misozi.

Maliro atatha, abale anagwirizana kuti adzakumana kumapeto kwa Okutobala kudzasudzula namfedwa ndi kugawa katundu, poti ena amagwira ntchito kutali. Mwambo wake ndi wakuti kufikira tsikulo katundu wa malemu sakhudzidwa. Khasu lawo, njinga yawo, mitengo yawo, zonse zimadikira. Ine nditamva mwezi umenewo ndinaona vuto, chifukwa timavu timatuluka mu Seputembala.

Ndinapita kwa Amai Esinati. Ndinawapeza atakhala pamphasa, kumutu atameta, atavala zakuda. Nditafotokoza anati, "A Njovu, nimvera. Abambo ananiuza zimene munapangana. Koma ine manje nili ngati mlendo pano. Ngakhale nkhwangwa yao sinigwira. Nikadula nthambi imodzi azati naononga chuma cha m'bale wao, azanipitikitsa. Ku Luangwa nizapita kwa ndani?" Ananena zoona. Lamulo loteteza akazi amasiye lilipo, koma pa malo a mfumu silifika bwino. Kumeneko chimagwira ntchito ndi pakamwa pa abale.

Mwa mwambo wa Ansenga wolowa m'malo mwa Ba Yotamu anali mwana wa mlongo wawo, Kefasi, mwini minibasi yoyenda pakati pa Rufunsa ndi Lusaka, yemwenso anali dikoni pa tchalitchi china cha pamsewu. Ndinakamudikira pa siteshoni ndili ndi nthambi yotupa m'thumba. Ndinaing'amba iye akuona. Anayang'ana pang'ono, n'kuyang'ananso kondakitala wake amene ankakweza matumba a makala.

"Ba Njovu, mitengo ya amalume musagwire," anatero. "Tizakamba mu Okutobala."

"Mu Okutobala mudzakamba za nkhuni," ndinatero ine. "Timavu sitidikira msonkhano."

"Tizaipempherera. Kapena mufuna kuiononga dala kuti ine nipeze chabe?" Kenako anatsitsa mawu, akumwetulira. "Nimvela mupitapita maningi kunyumba kwa amai aja. Muzisamala, mudala. Anthu ali na maso."

Ana anga, ndinali ndi imvi, ndili ndi amai anu m'nyumba, ndipo mnyamata amene ndinamudziwa akali pasukulu anandiuza mawu amenewo pagulu. Ndinabweza nthambi m'thumba, poti ngakhale nditakwiya sindikanaitaya pamsewu.

Ndinalembera abwana kupempha kalata yonena kuti kudulako ndi langizo la bungwe, kuti mlandu usagwere mayi wamasiye. Anandiyankha pa foni, osati papepala: "Nkhani za m'banja musalowemo. Mwatsala na miyezi ing'ono chabe, pumulani bwino."

Ogasiti 2014

Mphepo ya Ogasiti itayamba ndinkang'amba chotupa chimodzi m'mawa uliwonse kuchokera pa mtengo wa mnansi. Timphutsi tinali titayamba kuda. Ndinadziwa kuti nthawi yatha. Ndikadikira, mitengo ifa ndipo Amai Esinati atsala ndi munda wopanda kanthu, ngakhale abale atawalola kukhala. Ndikadula ine, adzati ine ndi iwo tinapangana. Amai anu ndiwo anandifunsa tikutong'ola chimanga pakhonde kuti, "Kodi pamudzi paja ndani amene angachite chinthu osaimbidwa mlandu?" Ndinasiya chitsononkho pansi n'kukatenga njinga.

Ba Chanda ndinawapeza akumata chubu. "Mwabwera, bakalamba ba mbewa," anatero. "Mufuna nikusambikeni mukali moyo?" Ndinawafotokozera zonse. Anasiya kuseka, n'kupukuta manja pa ovolosi.

"Maliro anasila, Ba Njovu. Chimbuya chili na malire."

"Namfedwa sanasudzulidwe," ndinatero. "Akali m'zakuda. Ndiye kuti maliro sanathe."

Kenako anafunsa kuti, "Nanga bamayo avomera?"

"Sayenera kudziwa. Akadziwa, pa msonkhano adzawafunsa, ndipo mayi uja sanama."

"Mwati tizadula mitengo ya munthu, mwine wake alibe kudziwa."

"Inde."

"Imwe anthu a kum'mawa ndinu oipa mtima," anatero, akutenga sowo yawo pakhoma. "Tiyeni tsiku la Chinayi. Azimai amakhala pa mapemphero ku mishoni mpaka dzuwa kupendeka."

Chimenechi ndicho chinthu chovuta kuposa zonse chimene ndinasankha pa ntchito yanga. Ndinkadziwa kuti mitengo yodulidwa chotero imakhala zaka ziwiri osabala. Ndinali kuchotsa chakudya pakamwa pa mayi wamasiye osamufunsa. Ndinalingalira zonsezi, ndipo ndikanati ndibwerere lero ndikanachitanso chimodzimodzi.

Lachinayi tinafika Amai Esinati atangonyamuka. Ine sowo sindinaigwire. Ndinkayenda patsogolo ndi choko, kulemba mzere pa nthambi iliyonse pamene payenera kudulidwa, Ba Chanda n'kumatsatira. Mitengo imene ndinaimezanitsa ndi Ba Yotamu inkagwa nthambi imodziimodzi, fungo la masamba a malalanje lili ponseponse. Ba Chanda anayamba ndi nyimbo zonyoza Ansenga, koma pofika pakati pa munda anali atasiya kuimba. Nthambi tinazikokera pamalo opanda udzu n'kuziyatsa. Amayi awiri a pafupi anabwera kudzapempha nkhuni, ndipo nditawakaniza anandiyang'ana ngati wamisala, poti kumudzi palibe amene amawotcha nkhuni zabwino pachabe. Zitsa tinazipaka laimu kuti dzuwa lisaziwambe.

Amai Esinati anaona utsi ali panjira. Anafika akuthamanga, chitenje chili m'manja. Ataona zitsa zoyera zili ndandanda anakhala pansi pafumbi n'kuyamba kulira maliro enieni, kutchula dzina la amuna awo. Ba Chanda anayesa nthabwala imodzi, inafera m'kamwa. Amai Esinati atatonthola anandiyang'ana n'kunena kuti, "A Njovu, mwawaika m'manda kachiwiri." Ndinavula chipewa.

Kefasi anapita yekha ku ofesi yathu. Abwana amene analephera kundilembera mzere umodzi wondiloleza kudula, anapeza nthawi yolemba masamba awiri ondichenjeza. Anati ndinalowerera nkhani za m'banja, ndinaononga katundu wa mlimi, ndipo ndinanyozetsa dzina la bungwe. Za timavu m'kalatamo mulibe liwu ngakhale limodzi. Ndinayankha ndime ndi ndime. Yankho langa silinayankhidwe.

Okutobala 2014

Msonkhano unachitikira pabwalo la nyumba ya malemu, dzuwa likuswa mtengo. Wotsogolera anali a Sandikonda, mkulu wawo wa Ba Yotamu, nkhalamba yoyendera ndodo. Ine anandiitana ngati woimbidwa mlandu, ndipo ndinakhala pa mpando waufupi kumbali. Kefasi anaimirira ndi Baibulo m'khwapa. Anati namfedwa sanadikire mwambo, anapangana ndi mlangizi kuononga chuma cha malemu, choncho asudzulidwe n'kubwerera kwawo ku Luangwa. Ana a Amai Esinati anayamba kulira. Amai awo anangoyang'ana pansi.

A Sandikonda anafunsa kuti, "Mlamu, munadziwa kuti mitengo idulidwa?"

"Sininadziwe, alamu. Ninali ku mishoni." Amayi a m'gulu lawo la mapemphero anavomereza onse pamodzi.

"Nanga anadula ndani? Ndinu, a Njovu?"

Ndisanatsegule pakamwa Ba Chanda anaimirira kumbuyo, ali m'ovolosi yawo ya mafuta. "Nine ninadula. Sowo ni yanga, manja ni anga. Uyu mudala anali chabe kuyenda na choko monga tichala."

"Ndani anakutumani?" anakuwa Kefasi.

"Iwe mwaiche, kamwana iwe, khala pansi. Pamene amalume ako ananunkha, unali kuti? Unali kuwerenga mapasenja. Nine ninawasambika, nine ninawaveka jekete. Imwe monse munameta mitu pa maliro. Mitengo ija si ana ake? Anailera na manja ake kupambana iwe. Inakhala na tsitsi lodwala, palibe woimeta. Ninaimeta ine, mbuya wake. Manje nipatseni mlandu nione."

Anthu anayamba kuseka chamumtima, kenako mokweza. A Sandikonda anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Atapeza mpweya anati, "Kuyambira makolo athu sindinamvepo mbuya akulipitsidwa pa maliro. Tikayamba lero, mawa adzatiika ndani? Mlamu alibe mlandu. Nkhani imeneyi yatha."

Koma kugawa katundu kunali kusanathe, ndipo munda ukanathabe kupita kwa Kefasi. Anatsetserekera kumtsinje kukauona, ife tikumutsatira. Zitsa zinali zitayamba kutulutsa timphukira tofiirira, tosalala, topanda chotupa. Ine ndinaziona. Iye anaona zitsa. Anandifunsa mosandiyang'ana kuti, "Vizabala liti ivi?" Ndinamuuza zoona, kuti zaka ziwiri kapena zitatu, ngati wina azithirira chilimwe chonse ndi kudula chotupa chilichonse chikangooneka. Anabwerera kubwalo n'kusankha ng'ombe ziwiri zolimira, ngolo, njinga ndi malata a pa shedi. "Vitsa akhale navo," anatero. A Sandikonda anabwereza mawuwo mokweza kuti aliyense amve, ndipo Amai Esinati anavula zakuda ali pakhomo pawo.

2015 mpaka 2017

Ndinapuma ntchito kumayambiriro kwa 2015. Pa mwambo wotsanzikana abwana anati ndinali munthu wolimbikira koma wovuta. Kalata ija sanaichotse m'faelo, ngakhale ndinapempha kawiri.

Zaka ziwiri zimenezo zinali zowawa kwa Amai Esinati, ndipo sindibisa. Opanda ng'ombe, opanda malalanje, ankapalira m'minda ya anthu ena kuti apeze ufa, mayi wa msinkhu umenewo. Amai anu ankawatumizira kachimanga kudzera kwa amayi a ku mishoni, osanena kumene kachokera. Chilimwe chonse ankatunga madzi kumtsinje ndi ndowa kuthirira zitsa zija. Tikakumana panjira ankandipatsa moni waulemu, wathunthu, koma osaima.

Mu Julayi 2017 ndinadutsa kumundako pa njinga. Mitengo inali itabwerera, yaifupi koma yodzaza, masamba obiriwira bii, ndipo dengu la malalanje linali pamthunzi. Amai Esinati anali pansi pa mtengo wina ndi kampeni. Pambali pawo panali phale lokhala ndi makala a moto. Anapeza kachotupa kamodzi pa mphukira, anakadula m'munsi mwake monga ziyenera, n'kukaponya pamoto. Ndinatsika njinga n'kupereka moni. Anayankha, maso ali m'nthambi.

Patapita kanthawi anati, "A Njovu, tsiku lija mukananifunsa, nikanakana."

"Ndikudziwa, amai."

"Koma mukananifunsabe."

Yankho ndinali nalo, ndipo ndi loona: ndikanawafunsa, bwenzi ali ku Luangwa pakhomo pa anthu osawadziwa. Ndayankha abwana, ndayankha Kefasi, ndayankha aliyense amene anandinenapo pa nkhani imeneyi, ndipo makope ake alipo. Koma mayi amene uja sindinamuyankhe. Ndinaima nditagwira njinga, iwo n'kusuntha phale lawo kupita pa mtengo wotsatira.